Ndikadali Amake Atupele

Pamzere wotunga madzi ku Mgona, amayi awiri osadziwana anayamba kucheza.

"Mwakwiyiranji chonchi, mayi?"

"Maneba! Chimwalirireni Atupele wanga ndi mng'ono wake, khoma litawagwera nthawi ya mvula, asiya kunditchula amake Atupele. Akuti a Jennifer, ngati kamtsikana kapasukulu!"

"Mwina akuopa kukukumbutsani."

"Kundikumbutsa? Ndinaiwala liti? Kumanda ndinasiyako ana, umayi sindinausiyeko!"

"Pepani."

"Dzulo wogulitsa makala, wosamva za malirowo, anakuwa kuti, 'Amake Atupele, makala!' Ndinalira, ndikuthokoza Mulungu kuti dzina la mwana wanga likumvekabe. Mphamvu zodzukira lero ndazipeza pamenepo."

"Mzere wayenda. Tungani, amake Atupele."

"Zikomo. Tabwerezani mokweza, amve maneba awo!"