Mkono umene ndinaukweza pamaso pa dokotala

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, achinyamata anzanga, monire mose. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Mundikhululukire, ndiyankhula m'Chichewa. Chitumbuka changa chimaseketsa ana a Sande Sukulu, ndipo nkhani iyi ndikufuna ndiinene bwinobwino, osaphonya. Mawu akanjenjemera mundipirire, sindinaimepo kutsogolo kuno chibadwire. Ndikufuna kuchitira umboni.

Dzina langa ndine Yohane. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma boma litandilemba ntchito linanditumiza kuno ku Henga kudzathandiza alangizi a ziweto pa dibi. Amene muli ndi ng'ombe mumandidziwa. Ndine uja ndinkaima pakanjira kopapatiza ka mitengo, kukankha ng'ombe kuti zidumphire m'madzi a mankhwala ophera nkhupakupa.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, kunabwera nkhunzi ina yakuda imene inali isanalowepo m'dibi. Itafika pamphepete, itamva fungo la mankhwala, inakana. Ine ndinalowa kumbuyo kwake kuti ndipotoze mchira monga timachitira. Abale, inabwerera chambuyo ndi thupi lonse nkundipanikiza pamtengo. Ndinamva kuti thyo! paphewa apa. Eni ng'ombe anandinyamula pangolo mpaka kumsewu, kuchoka apo galimoto mpaka kuchipatala. Anandimanga chikhakha, ndinagona kumeneko, kenako ndinatuluka.

Abwana anga, alangizi aja, poyamba anachita zonse bwino, ndisawanamizire. Anakanena kuofesi kuti mnyamata wavulala ali pantchito ya boma. Anandifotokozeranso kuti munthu wotere amalandira chipepeso, koma dokotala amayamba wamuyeza kuti aone kuti thupi lawonongeka motani. Zimene dokotala walemba, boma limatsata zomwezo. Akalemba kuti wapunduka, umalandira chipepeso ndipo amakupatsa ntchito yoti ungaithe. Akalemba kuti wachira, wachira basi.

Ine mawu amenewo ndinawamva ndi makutu okha. Mumtima munali mawu ena. Mnzanga wina anali atandinong'oneza kuti, "Samala Yohane, boma silisunga wolumala. Akakuona kuti mkono wafa, ubwerera ku Ntchisi." Ndipo kumudzi mayi anga anandilera ndi lamulo limodzi: pamaso pa akuluakulu sudandaula. Akakufunsa kuti uli bwanji, uli bwino. Kusukulu yathu ya kumudzi aphunzitsi akati wamva, umati ndamva, ngakhale usanamve kanthu. Ndinakula choncho. Ndinkadziwa kuti umenewo ndiwo ulemu.

Ndiye tsiku lokayezedwa litafika, mukudziwa zimene ndinachita? Musaseke, abale. Ndinabwereka jekete kwa aneba. Ndinapukuta nsapato. Ndinamwa mapiritsi opha ululu kunyumba, ena ndinamwera mu minibasi, kuti ndisakachite manyazi pamaso pa munthu wophunzira.

Dokotala anati, "Uli bwanji, mnyamata?"

Ndinati, "Ndili bwino, bwana."

"Kweza mkono."

Ndinaukweza. Utafika pachifuwa unakana, monga umakanira mpaka lero. Koma dokotala anali akundiyang'ana, cholembera chili m'manja, ndipo ine sindinafune kuwakhumudwitsa. Ndinaluma mano nkuukankha mpaka pamwamba pa mutu. M'maso munachita mdima. Thukuta linatsika mkati mwa jekete la eni ake.

"Ukumva kuwawa?"

"Pang'ono chabe, bwana."

"Finya dzanja langa."

Ndinafinya ndi mphamvu zonse zimene Mulungu anandisiyira. Dokotala anaseka nati, "Iwe ndiwe mwamuna wamphamvu. Anzako akalowa muno amalira ngati ana."

Abale anga, ine ndinakondwa! Ndinatuluka m'chipinda chija ngati mwana amene wakhoza mayeso. Nditafika panja ndinakhala pansi pa mtengo, ndinasanza, koma mumtima ndikuti dokotala andiyamikira.

Patapita milungu, yankho linabwera. Yohane wachira, abwerere kuntchito yake. Chipepeso chimene anandiwerengera sichikanabweza ngakhale za minibasi zimene ndinakwera popita kuchipatala.

Ndinabwerera pa dibi. Mchira wa ng'ombe sindingapotoze. Chingwe sindingakoke. Thole, thole lenileni la dzulodzulo, linandigwetsa m'matope anthu akuona. Mdala wina mwini ng'ombe anafuula kuti, "Alangizi, boma latitumizira munthu wa mkono umodzi, ndiye nafenso tizilipira theka?" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, chifukwa ndinkaona kuti kusaseka ndi mwano. Kunyumba ndikagona chammbali phewa limayaka. Kusamba ndi dzanja limodzi. Kuvala malaya mpaka kuitana mwana wa aneba.

Ndinalimba mtima nkuwauza abwana kuti mkono sukugwira. Anandiyang'ana nati, "Yohane, dokotala akuti wachira. Iwe ukuti sunachire. Ine ndimvere ndani, dokotala kapena iwe?" Tsiku lina ng'ombe ziwiri zitandipulumuka nkukalowa m'munda wa fodya wa munthu, anandiitana pambali. Anati, "Ndatopa nawe. Munthu wochira amene sagwira ntchito dzina lake ndi waulesi. Ukapitiriza chonchi, ndikakunena kuti akuchotse."

Kundichotsa, abale. Opanda chipepeso, opanda ntchito, opanda mkono. Kumudzi mayi anga ndi alongo anga awiri amayang'ana kuno. Ndikanakawauza chiyani? Munthu wa mkono umodzi angalime?

Ndinayamba kuyenda ku Boma, kuofesi ina imene sinditchula. Ulendo woyamba, kalaliki anati amene amaona za ovulala apita ku semina ku Mzuzu. Ndinati zikomo bwana, ndinabwerera. Ulendo wachiwiri, abwera koma ali pamsonkhano, dikirani. Ndinadikira pabenchi mpaka anatseka mawindo. Ndinati zikomo bwana. Ulendo wina akuti magetsi azima. Ulendo wina akuti fayilo yanu sikuoneka, mwina inapita ku Mzuzu, mwina ku Lilongwe. Tsiku limene ndinawapeza eni akewo, sanandiuze nkomwe kuti khalani pansi. Anati, "Achimwene, pepala likuti munachira. Mukufuna ine ndikangane ndi pepala?" Ndipo ine, ine wopusa ine, ndinati zikomo bwana.

Zikomo wa chiyani? Ndifunseni, zikomo wa chiyani? Ulendo uliwonse ndalama ya minibasi, ulendo uliwonse kupempha chilolezo kwa abwana amene atopa nane kale. Masiku ano aliyense pawailesi akuti ufulu, ufulu wa ogwira ntchito. Ine ufulu wanga unali benchi ija.

Abusa, mundikhululukire, ndinakwiya ndi Mulungu. Ndinkapemphera kuti, Ambuye, sindinabe. Sindinaledzere. Ndinavulala ndikugwira ntchito imene munandipatsa nokha. Kwa dokotala ndinachita ulemu, kuofesi ndinachita ulemu, kwa abwana ndinachita ulemu. Nanga bwanji ulemu womwewo ukundidya? Ndinkabwera muno Lamulungu, kukhala kumbuyo uko pafupi ndi khomo, nyimbo osaimba. Ambiri a inu munkandifunsa kuti muli uli, ine nkumati ndili makora, ndili bwino. Ngakhale m'nyumba ya Mulungu ndinali makora.

Koma Mulungu ali ndi anthu ake. Lamulungu lina tikutuluka, tikupatsana moni pakhomo, ndinakumana ndi amama NyaMhango, awo akhala apowo, amene anali namwino kuchipatala cha mishoni asanapume. Amene munapatsidwapo moni ndi amama mukudziwa, sagwira dzanja ngati akugwira dzira. Anandigwedeza mkono kamodzi, ine ndinakuwa. Ndinakuwa pakhomo la tchalitchi, anthu natembenuka.

Ndinayamba kupepesa. Iwo anati, "Chete." Ananditengera kuseri kwa tchalitchi, nandikhazika pa njerwa zija zatsala pomanga, nayamba kupapasa phewa ndi zala. Anati, "Mwana wane, fupa ili silinakhale m'malo mwake. Dokotala wake uti anakuuza kuti wachira?"

Ndinawafotokozera zonse, za jekete, za mapiritsi, za kukweza mkono. Ndinkayesa andimvera chisoni. Anagwira m'chiuno nati, "Iwe, unapita kukayezedwa kapena unapita kukafunsira mkazi?"

Ndinati, "Amama, ndinkachita ulemu."

Anati, "Yayi! Ulemu ukachitire apongozi ako. Dokotala si mneneri, amalemba chimene wamuonetsa. Unamuonetsa mkono wabwino, analemba mkono wabwino. Ndipo anakunamiza ndani kuti wovulala pantchito amachotsedwa? Amene amachotsedwa ndi wochira amene sagwira ntchito, ndipo pepala lako likunena kuti ndiwe ameneyo."

Anandiuza kuti munthu akhoza kupempha kuyezedwanso. Ine maulendo onse aja palibe anandiuzapo zimenezo, ndipo inenso sindinafunse, ndinkaopa kuvutitsa anthu. Sabata yomweyo amama anakwera nane minibasi. Kuofesi kuja atatiuza kuti bwerani sabata yamawa, ine ndinali nditaimirira kale, zikomo ali pakamwa. Amama anandikoka malaya nkundikhazika. Anatulutsa ulusi ndi singano zolukira m'chikwama, nauza kalaliki kuti, "Palibe vuto, adada. Ine ndinapuma pantchito, nthawi ndili nayo yambiri kuposa inu. Tidikira pompano sabata yamawayo." Analuka. Aliyense wolowa ankamupatsa moni nkumufotokozera za phewa langa mokweza. Ine manyazi, ndinkafuna pansi patseguke. Dzuwa lisanapendeke, chilolezo chokayezedwanso chinatuluka.

Tsiku loyezedwanso amama anandiletsa mapiritsi, anandiletsa jekete. Ndinapita ndi ovolosi ya pa dibi, ikununkha mankhwala. Ndipo polowa, dokotala yemwe uja! Anandizindikira. Anati, "Aa, mwamuna wamphamvu uja. Uli bwanji?"

Abale, chizolowezi ndi chinthu choopsa. Pakamwa panga panayamba pokha, "Ndili bwi..." Amama anatsokomola kumbuyo kwanga. Chifuwa chimenecho sichinali cha matenda.

Ndinati, "Sindili bwino, bwana."

Mawu atatu okha, koma anandilemera kuposa nkhunzi ija. Chibadwire ndinali ndisanamuuzepo munthu wamkulu choncho.

"Kweza mkono."

Ndinaukweza mpaka pachifuwa, ndinaima. Dokotala akudikira. Mtima ukundiuza kuti pitiriza, usawakhumudwitse. Ndinati, "Pothera ndi pano, bwana. Tsiku lija ndinaukakamiza, ndinali nditamwa mapiritsi. Ndinkafuna musangalale nane." Misozi inatsika yokha, pamaso pa dokotala, pamaso pa amama.

Dokotala sanaseke. Anakalipa. Anati, "Ukudziwa chimene wadzichita? Ukanandiuza tsiku lija tikanakonza. Wakhala ukukoka ng'ombe ndi fupa lokhota miyezi yonseyi." Ananditumiza kukajambulidwa, ndipo chithunzi chinaonetsa zomwe zala za amama zinapeza. Analemba kuti ndinapunduka ndili pantchito, ndipo ndisagwirenso ntchito yolimbana ndi ziweto.

Abwana anga anawerenga zimene dokotala analemba. Kenako anati, "Nanga osanena bwanji?" Ndinafuna kuyankha kuti ndinanena, bwana, munati mumvera dokotala. Pano anandiika kosungira mankhwala, ndimayeza mankhwala a dibi ndi kulemba ng'ombe zimene zabwera. Za kundichotsa zinatha.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti zonse zayera. Chipepeso chenicheni sichinafikebe. Akuti chili ku Lilongwe, chikudikira siginecha ya munthu amene sindidzamuona nkomwe. Mwezi watha ndinapitanso kukafunsa, akuti bwerani mwezi wamawa. Ndipo mkono uwu, dokotala ananena mosabisa, sudzabwereranso mwakale. Pena ndikaganiza kuti ukanachira ndikanangonena zoona tsiku limodzi lija, mtima umandiwawa kuposa phewa. Zimandipwetekabe, abale. Munthu wavulala pantchito ya boma, bwanji boma lomwelo osamufotokozera bwino njira yake? Bwanji mpaka pakhale mayi wa ulusi ndi singano kuti chitseko chitseguke? Nanga amene alibe amama NyaMhango, ali kuti lero?

Koma ntchito ndili nayo. Kumudzi akudya. Ndipo ulendo wathawu, atandiuza kuti mwezi wamawa, sindinati zikomo. Ndinafunsa kuti tsiku liti, ndipo ndidzapeze ndani. Mawu ananjenjemera ngati mmene akunjenjemerera panomu, koma ndinafunsa, ndipo anandiyankha.

Achinyamata anzanga amene muli pantchito, kaya kusukulu, kaya kuchipatala, kaya kumsewu, mukavulala musadzachite za ine. Mulungu sanatipemphe kunama kuti tioneke aulemu. Chimene chikuwawa, nenani kuti chikuwawa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ndinamukwiyira. Ndikuthokoza amama NyaMhango, yewo chomene amama, ngakhale mpaka lero ndikakuonani pakhomo dzanja ndimabisa. Ndikuthokoza abusa pondipatsa mpata, pepani ngati ndatalikitsa.

Tsopano ndili ndi pempho limodzi. Ndikufuna kumuombera Ambuye m'manja, koma ndikaomba phewa limandibaya. Ndithandizeni inu amene muli ndi manja awiri. Amayi, nthungululu. Abambo, achinyamata, ombani zanu, muwonjezereponso zanga. Ombani mwamphamvu, mwina ku Lilongwe amva.

Aleluya! Amen.