Amayi amene anakana kugula makina anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene mawu awa akupezeni. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina ku Nsungwi, ku Area 25. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene matenda a shuga ndi chithokomiro anandigwirira pamodzi, mpaka ndinatsala pang'ono kusiya ntchito imene ndinaiyamba ndili mnyamata.

Shuga anandipeza naye nditapita kuchipatala chifukwa cha ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Anandipatsa mapiritsi ndi malamulo a kadyedwe. Malamulowo akazi anga, a Nambewe, anawagwira kuposa adokotala eni ake: tiyi wopanda shuga, mgaiwa, masamba mbale yodzaza. Ndinamvera zonse, ine munthu wokonda zotsekemera ngati nyerere.

Koma m'malo mopeza bwino, ndinkangotha. Ndinkadya kwambiri, thupi osaoneka. Mtima unkagunda ngati ndathamangira minibasi, chonsecho ndili chikhalire pampando. Mwezi wa Juni anzanga atavala majuzi, ine thukuta lili kamukamu. Choipitsitsa chinali manja, ankanjenjemera. Kulowetsa ulusi pasingano kunasanduka nkhondo, ndipo sizasi inkapita kumene ikufuna yokha. Ndikapita kukayezetsa, shuga ali pamwamba, anesi n'kumandikayikira kuti ndikudya zotsekemera kumbali. Kunyumba a Nambewe anayamba kundisecha m'matumba. Zinkandiwawa kwambiri kunenedwa mlandu umene sindinapalamule.

Masiku amenewo munthu akaonda, anthu ankamaliza okha nkhani yake. Tinakayezetsa magazi ndi akazi anga n'kupezeka kuti kachilombo tilibe, koma pepala la kuchipatala sungayende nalo kuonetsa msika wonse. Makasitomala anayamba kudutsa pakhonde panga atayang'ana kumbali. Kenako ndinawononga nsalu ya diresi la ukwati la mwana wa mkulu wa mpingo wathu. Dzanja linagwedezeka, sizasi n'kudya mpaka pachifuwa. Mkuluyo sanandikalipire, anangopinda nsalu yake n'kunena kuti, "Pepani a Telala, kapumuleni." Kupepesa kumeneko kunandipweteka kuposa chitonzo.

Ndinaganiza zogulitsa makina n'kubwerera kwathu ku Ntcheu. Ndisaname, machiritso ndinali nditatopa kuwapempha. Pemphero langa linatsala lalifupi: "Ambuye, nditumizireni wogula makinawa, ndizipita kwathu."

Lachinayi lina kunabwera amayi ena a ku Kawale, a Kamwendo, amene anamva kwa mnzawo kuti pali makina ogulitsa. Ankafuna kugulira mwana wawo wamkazi. Ndinawapalasira makinawo kuti amve kulira kwake, koma iwo osawayang'ana n'komwe, maso ali pa ine.

"Bambo, batani la pakhosilo simumanga bwanji? Telala wathunthu?"

Ndinawauza zoona, kuti malaya anga onse ndinali nditawabweza chifukwa choonda, koma kolala yokha inkakana kutseka. Ine woyeza makosi a anthu tsiku ndi tsiku, sindinadzifunsepo kuti zimatheka bwanji munthu kuonda thupi lonse khosi n'kumakula.

"Tamezani malovu ndione," anatero. Nditameza, anamasula mpango umene anakulunga m'khosi mwawo n'kundionetsa chipsera. "Ichi ndi chithokomiro, bambo. Inenso chinandizunza, manja anga ankachita ngati anuwa. Makinawa sindigula ayi. Mawa mupite kuchipatala chachikulu, mukawauze zonse, osati za shuga zokha."

Ndinakwiya, kunena zoona. Wogula wabwera yekha ndi miyendo yake, n'kusanduka dokotala. Koma a Nambewe atamva, m'mawa mwake anandikweza minibasi, osandipatsa mpata wotsutsa.

Adokotala anandigwira pakhosi, anandiuza kuti nditambasule manja, n'kunditumiza kukayezetsa magazi ena. Zotsatira zitabwera, anafotokoza kuti chithokomiro ndi kachiwalo ka pakhosi kamene aliyense ali nako, ndipo kanga kankagwira ntchito mopyola muyezo, n'kumathamangitsa thupi lonse. N'chifukwa chake shuga sankatsika ngakhale ndinkasala zakudya. Anati matenda awiriwa nthawi zina amayendera limodzi, ndipo enawo amabisala kuseri kwa shuga. Atandifunsa chifukwa chimene sindinanenepo za mtima ndi manja, ndinawayankha mosabisa. Ine ndinkangoti zonsezo ndi shuga yemweyo. Opareshoni sanandichite, anangondiwonjezera mapiritsi ena.

Sizinasinthe tsiku limodzi, zinatenga miyezi. Mtima unayamba kukhazikika, shuga anayamba kumvera mankhwala, mnofu unabwerera pang'onopang'ono. Tsiku limene ulusi unalowa pasingano kamodzi n'kamodzi, ndinagwada pakhonde pomwepo anthu akudutsa, ndipo manyazi ndinalibe. A Nambewe anandipepesa za m'matumba muja, ngakhale kusecha sanasiye mpaka lero. Woyamba kubweretsanso nsalu anali mkulu wa mpingo yemwe uja.

Shuga ndikadali naye, mankhwala onse ndimamwa, ndipo tsiku la kuchipatala sindijomba. Koma ndine wamphamvu, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lokhota n'kuliwongola. Ndikuthokozanso a Kamwendo, amene akanatha kungonyamula makina n'kumapita.

Inu amene akupezani ndi shuga posachedwa, ngati mukumvera malangizo onse koma thupi silikusintha, musadziweruze ndipo musataye mtima. Bwererani kuchipatala mukanene chilichonse, ngakhale chimene mukuchiona ngati chaching'ono. Pitirizani kupemphera ngakhale mawu atakutherani. Ine ndinapempha wogula makina, Mulungu ananditumizira wokana kugula, ndipo lero makina omwewo ndi amene akudyetsa banja langa.