Thumba la Chimanga Lovala Chitenje

Zaka zija mafoni asanayambe kuonetsa zithunzi, ana inu, ife katuni tinkaonera pamodzi m'chisakasa cha vidiyo pa Lisungwi, osati zanuzi zoti aliyense waweramira kagalasi kake n'kumaseka yekha ngati mutu sukuyenda bwino. Tinkapanikizana pa mabenchi, abambo ndi amayi omwe, kuonera banja lina la zidole zojambula, zamaso otuzuka ndi zala zinayi, ndipo mwamuna wa m'banjamo tinamutcha Chimimba chifukwa dzina lake lenileni linkatipota lilime.

Ndiye kunabwera gawo la katuniyo limene linagawa msika pakati. Mkazi wa Chimimba anamanga katundu n'kukwera basi, koma mwamunayo osazindikira. Gawo lonse ankangocheza ndi tsache loimikidwa pakona, kulifotokozera za kuntchito, mpaka kulipsompsona, ndipo zinathera pomwepo basi. Abambo tinaseka mpaka misozi, koma amayi anatuluka ali duu. Mawa lake ogulitsa tomato anakana kugulitsa kwa aliyense amene anaseka, mlaliki wina wa pamsika anati tsachelo likuimira masiku otsiriza, ndipo kondakitala wa minibasi analumbira kuti mayiyo sanapite patali, poti sanamuone akulipira. Inu mukakangana lero mumangolemba pa foni n'kutembenuka, koma ife tinkakangana maso ndi maso, ena mpaka kuleka kubwerekana mpope wa njinga.

Tsono ine ndinali nkhoswe ya mphwanga Fanuwelo, amene anaseka kuposa tonse, mpaka kugwa pa benchi. Mkazi wake Esinati anazisunga mumtima. Tsiku lina m'mawa anatenga thumba la chimanga, analiveka chitenje ndi duku, analikhazika pakhonde moyang'ana kukhoma, iye ulendo kwa amayi ake ku Midzemba. Fanuwelo pobwera masana analipatsa moni thumbalo, analiuza kuti mbuzi zakwera mtengo, analidzudzula kuti madzi osamba achedwa, kenako anabwerera ku bawo, kumene anakauza anzake kuti mayi a kunyumba lero ali ndi ulemu. Anazindikira dzuwa litapendeka, nkhuku zitayamba kujompha mkazi wakeyo.

Musaseke, ana inu, banja linafika pakutha. Tinapita ku Midzemba, ndipo nkhoswe ya kuchikazi, a Jailosi, malume ake a Esinati, anati mlandu sungakambidwe iwo asanaone gawolo ndi maso awo. Tinabwereka sikirini ndi batire, tinaziika pansi pa mtengo wa mango, koma mmalo moyanjanitsa anawo, ankhoswe tinayambana tokha. Ine ndinati wolakwa ndi mkazi wa Chimimba, munthu sachoka pakhomo osatsanzika. A Jailosi anati wolakwa ndi tsache, likanayankhula. Tinatsala pang'ono kugwirana m'makolala, madala aimvi, chifukwa cha anthu a zala zinayi.

Esinati ndiye anatiletsa, ndipo sanakweze mawu.

"Abambo," anatero kwa mwamuna wake, "za tsache zisiyeni. Kodi chitenje chimene thumba lija linavala chinali chotani?"

Mphwanga anayang'ana ine, ine ndinayang'ana batire.

"Chinali chamaluwa, eti?" anatero.

"Chinali cha pa chinkhoswe chathu, munagula ndinu. Ine sindinakwiye kuti munayankhula ndi thumba. Chinandiwawa n'chakuti thumba silinakuyankheni, koma inu simunaone kusiyana."

Pamenepo mtima unandiwawa kwambiri, ndipo a Jailosi anadzuka n'kuzimitsa sikirini. Fanuwelo, munthu wosatha mawu uja, anatsika pampando n'kukhala pansi pa dothi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatireni anafunsa mkazi wake funso n'kudikira kuti amalize kuyankha. Esinati anayankhula mpaka mthunzi wa mango unatisiya padzuwa.

Anabwerera ku Lisungwi, koma thumba lija anakana kuti lipite kuchigayo. Linakhala pakhonde ndi duku lake mpaka anankafumbwe analimaliza, ndipo masiku onsewo Fanuwelo akafika ankapereka moni n'kuima chiimire, kuti amve kaye mawu a munthu.

Za katuni ija mpaka lero sitinagwirizane, a Jailosi anamwalira akuimbabe mlandu tsache. Koma inu mukafika pakhomo, foniyo muziyamba mwaiika pansi, mupereke moni, ndipo mudikire yankho musanayambe za mbuzi.