Mpira Umene Tinkaunyamula pa Njinga

Zaka zimene madishi a kanema ankangofika kumene kuno ku Nkaya, ena mwa inu mukadali kumsana, ine ndinali nditachotsedwa ntchito ya panjanji, mkazi wanga woyamba atatisiya, ndipo chimene chinanditsalira chinali pakamwa pangapa ndi Chingerezi chowerengera zikwangwani. Ikani kaye mafoniwo m'thumba, sitima mukudikirayi ndimaidziwa, sifika msanga.

Oonetsa kanema analipo awiri, a Mpando tsidya lino la njanji ndi che Juma tsidya linalo, ndipo anasonkherana kugula dishi imodzi, koma dishiyo, kaya anailodza, inkangogwira mpira wa ana a m'makoleji a ku Amereka basi. Mpira wake wosongoka ngati papaya, anyamata atavala zipewa za njinga yamoto, kuthamanga pang'ono, kugwetsana, kuunjikana, kudzuka n'kuyambiranso. Kuchokera kwa Kalembo mpaka kwa Mposa kunalibe wodziwa malamulo ake.

Poti dishi inali ya awiri, anapangana pamaso pa mboni kuti chigawo chilichonse cha mpira chikatha, zonse zizisamukira ku shedi ya mnzake. Safunsa anadya phula, ana inu: mpira umenewu uli ndi zigawo zinayi, ndiye tinkawoloka njanji katatu. Pa pepala la mgwirizanolo analemba katundu woyendera limodzi: dishi, kanema, batire, ndi ine. Ine ndinali m'munsi mwa batire.

A Mpando ndi che Juma anali ataona kuti ku Amerekako kumakhala azibambo a mataye ofotokoza mpira, akuti analisiti, ndiye anandibwerekera jekete n'kundiimika pambali pa kanema. Anyamata aja akapanga bwalo mitu pamodzi, ndinkati akuzenga mlandu wa amene waponda mnzake. Woyimbira akaponya kansalu kachikasu, ndinkati wina watukwana apongozi. Atandifunsa chifukwa chimene chigoli chimodzi ankachilemba zisanu ndi chimodzi, ndinayankha kuti ndalama ya kumeneko ndi yamphamvu, ndiye zigoli nazonso amazisintha. Lero inu mumabwezeretsa mpira m'mbuyo ndi chala, koma ife, dishi ili pa njinga, sitima ya katundu itatitsekera njira, mpira unkapitirira pakamwa panga, khamu likunditsatira, ndipo zigoli zokoma kwambiri zinkagoletsedwa pamenepo.

Tsono pakhomo pa shedi pankakhala Abiti Saidi, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, wosayankhulayankhula, amene nayenso ankasamuka ndi beseni lake dishi ikasamuka. Ndinamukonda, sindibisa. Koma nditatumiza mawu, mjomba wake, che Amidu, anayankha kuti mwana wa mlongo wawo sangakwatiwe ndi wabodza, ndipo abwera okha adzandimve.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Loweruka lina masana che Amidu anafika atatenga mphunzitsi wina amene anakhalako ku Amereka, n'kukhala naye kutsogolo kwenikweni. Jekete yanga inanyowa ndi thukuta mpira usanayambe. Anyamata aja atangopanga bwalo lawo, che Amidu anakweza ndodo.

“A Analisiti, apa akutani?”

Ndinayang'ana mphunzitsi, ndinayang'ana Abiti pakhomo, ndipo ndinaona kuti ndikanama banja lapita, ndikanena zoona jekete yapita.

“Che Amidu, sindikudziwa. Chiyambireni sindinadziwepo.”

Kenako mphunzitsi anaimirira n'kuyamba kufotokoza malamulo enieni, mizere, mayadi, mwayi woyamba, mwayi wachiwiri, ndipo sanathe n'komwe theka lake pamene ena anayamba kuwodzera, mpaka mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, “Iyayi, aphunzitsi, khalani pansi! Tibwezereni wabodza wathu!”

Che Amidu sanaseke. Anatembenukira pakhomo n'kunena kuti, “Wamva wekha, Abiti. Wavomera ndi pakamwa pake.”

Abiti anavundikira zitumbuwa zake bwinobwino, ndipo aka kanali koyamba kuti ndimumve akuyankhula pagulu.

“Mjomba, ine ndinadziwa kalekale. Papaya angakhale mpira? Koma nyumba yanga yakhala chete zaka zitatu, ndipo bamboyu akhoza kuyankhula tsiku lonse popanda chochitika. Lero wasonyezanso kuti zikafika povuta amanena zoona. Ndikufunanso chiyani?”

Mgwirizano wa a Mpando ndi che Juma unatha mvula yotsatira, dishi itagwera m'ngalande pakati pa chigawo chachitatu ndi chachinayi, koma wathu ndi Abiti unakhalitsa mpaka imvi. M'zaka zake zomaliza maso anasiya kuona, ndipo ndinkamukhazika pakhonde, iye n'kufunsa kuti, “A Analisiti, pabwalopo pakuchitika chiyani?” Ine ndinkamuulutsira zonse, kuti tambala wagwetsa mnzake, bakha waponya kansalu kachikasu, anapiye akuzenga mlandu.

“Mukunama,” ankatero akuseka. “Pitirizani.”

Ndimamusowa, ana inu, ndipo nkhuku zija zimaseweradi mpaka lero, koma wondiuza kuti ndipitirize palibe. Mafoni anuwo amakuonetsani zonse, n'zabwino, koma madzulo mukafika kwanu, muziwazimitsako pang'ono n'kufotokozera munthu wanu zimene mwaona, ngakhale mutathirako mchere. Kungoti akakufunsani ndi mtima wonse, musamachite manyazi kunena kuti sindikudziwa.