Ng'ala Inandilanda Wezulo, Mulungu Wandibwezera

Atamandike Yesu Khristu, abale ndi alongo nonse amene muwerenge mawu angawa. Ine ndine Benedikito wa ku Lobi, koma mukafika kwathu n'kufunsa dzina limeneli ambiri akanda mutu. Muzingoti "a Lefu", akulozerani nyumba. Ndayimbira mpira wa chikho cha matimu a m'midzi kuno ku Dedza kuyambira pomwe chikhocho chinabadwa, mpaka pamene ng'ala inanditseka maso onse awiri n'kundikhazika mumdima. Lero ndikuona, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anachitira.

Kuti mumvetse chimene ndinataya, ndiyambe ndi chikhocho. Chinayamba ndili mnyamata, ndisanakwatire. Tikamaliza kukolola chimanga ndi kumenya nyemba, anyamata tinkasowa chochita, ambiri n'kumathera ku mowa. Ndiye akuluakulu ena a ku Lobi, a ku Mayani ndi a m'midzi yozungulira nkhalango ya Chongoni anagwirizana kuti matimu athu azikumana pampikisano umodzi chaka ndi chaka. Tinkati chikho, koma chikho chenichenicho panalibe. Opambana ankapita ndi mbuzi, achiwiri ankanyamula tambala. Magolo anali a mitengo ya bulugama, pamwamba n'kumangapo chingwe, ndiye mkangano sunkatha woti mpira wadutsa pansi kapena pamwamba pa chingwecho. Nsapato zinali za ochepa, moti anyamata awiri ankatha kugawana peyala imodzi, aliyense n'kuvala kuphazi lomwe amamenyera.

Ine kusewera sindinkatha kwenikweni. Tsiku lina aphunzitsi omwe ankatiyimbira sanabwere, anthu n'kuti, "Ayimbire Benedikito, ndi wa kwaya ameneyu, sangatinamize." Wezulo anali atapita ndi aphunzitsiwo, choncho mpira wanga woyamba ndinayimbira ndi likhweru mpaka milomo kuuma. Chiyambire tsiku limenelo sindinachokenso m'bwalo.

Ndachiona chikhochi chikukula ngati mwana. Ndinalipo chaka chomwe amalonda a pa Mayani anagula chikho chonyezimira, anthu n'kumakankhana kuti angochikhudza. Ndinalipo pamene telala wina anasoka mayunifolomu oyamba, manambala ake opendekera. Chaka cha njala ija mpikisano unaima, chifukwa munthu sangathamangitse mpira m'mimba muli pululu, ndipo chikho chinagona m'thumba kuseri kwa chitseko cha wapampando. Ambiri anati basi chatha, koma chimanga chitacha tinasesa mabwalo n'kuyambanso. Matimu anachuluka, ena ochokera ku Linthipe ndi kwina, atsikana nawo anayamba wawo wa manja pambali pa bwalo. Ndinafika poyimbira ana a anthu amene ndinkawayimbira kale.

M'zaka zonsezo pali tsiku limodzi loyenera ndilitchule. Unali mpira womaliza, a ku Chongoni ndi a ku Mayani. Timu ya ku Chongoni inali ndi wotseka kumbuyo wamphamvu dzina lake Chikadza, munthu wa kudambwe, wosalowa tchalitchi, koma wodziwa mpira. Mnyamata wa ku Mayani atatsala yekha ndi goloboyi, Chikadza anamutchera mwendo kuchokera kumbuyo. Ndinaona bwinobwino, ndipo ndinatulutsa kadi yofiira. Potuluka anandiloza chala pamaso pa khamu lonse, nati, "Maso akowo akukunyenga. Adzakuthera tsiku lina." A ku Chongoni anagonja, Chikadza sanasewerenso m'chikho, ndipo tinatha zaka zambiri osaonana.

Matenda anayamba pang'onopang'ono, ndili ndi imvi kale. Poyamba zinali ngati nkhungu ija imaphimba mapiri athu m'mawa nyengo yozizira, koma iyi sinkachoka ngakhale dzuwa litakwera. Ndinkapukuta maso, ndinkasamba, osasintha. Nditaona kuti mpira ukapita kutali ndikungomva phokoso lake, ndinapita ndekha kwa a komiti n'kuwapatsa wezulo. Sindinafune kulakwira ana a eni pa ntchito yofuna maso.

Nkhungu ija inakula mpaka inasanduka mdima. Kumunda ndinkadula nyemba poyesa udzu, mpaka mayi a kunyumba, a Naphiri, anandilanda khasu mwaulemu. Ntchito yonse inagwera iwo: kulima, kuthirira mbatatesi kudimba, kutunga madzi, kenako kundigwira dzanja popita ku Misa. Ine amene ndinkawerenga mawu a Mulungu kutsogolo ndinayamba kukhala pabenchi ya kumbuyo, kudikira wina andikoke kuti ndikalandire Ukaristia. Mwana wathu wamkazi anabereka, anandiika khanda m'manja, ndinalipapasa kumutu, koma nkhope yake sindinaione.

Pamenepo anthu anakumbukira mawu a Chikadza. Ankabwera kudzandizonda, n'kumanong'ona kuti, "Paja analonjeza uja. Anthu a kudambwe sataya mawu pachabe." Alamu anga anandiumiriza kuti tipite kwa sing'anga tikabweze. Ndinakana, koma sindikunamizani, mawuwo ankandizungulira m'mutu. Wina anabwera ndi madzi a masamba oti ndidonthezere m'maso, ndinavomera chifukwa chosowa pogwira, ndipo anandiwotcha ngati tsabola popanda chosintha. Za kuchipatala zinkatchulidwa, koma ena ankati akakukolowola diso n'kukuika la mbuzi. Mudzaseka, koma munthu amene ali mumdima amakhulupirira zambiri.

Nyengo yowawa kwambiri inali ya chikho. Malole odzaza ndi ochemerera ankadutsa pamsewu, nyimbo ndi mavuvuzela zili pakamwa, ine n'kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinasiya kudya bwino. Ndinafika pouza a Naphiri kuti kuli bwino Mulungu anditenge kusiyana n'kukhala katundu wa munthu. Iwo anakauza akhristu anzathu a mumphakati, ndipo anayamba kubwera kudzapemphera kolona pakhonde pathu. Tsiku lina atandipempha kuti ndipereke pemphero langa, ndinati, "Ambuye, za mpira ndazisiya m'manja mwanu. Ndiloleni ndingoona nkhope ya mdzukulu wanga, ndipo mundichotsere chidani pa munthu amene ndilibe naye umboni." Ndinalira pamaso pa azimayi, osachita manyazi.

Yankho linabwera patsiku la msika pa Mayani. A Naphiri ankakagulitsa nyemba, ndipo sanafune kundisiya ndekha popeza masiku apitawo ndinali nditaponda moto. Anandikhazika pathumba pafupi ndi malonda awo. Ndili chikhalire, ndinamva munthu ataima patsogolo panga. Kenako anati, "Kodi si a Lefu awa?"

Mawuwo ndinawazindikira nthawi yomweyo. Anali Chikadza. Ndinamva a Naphiri akusiya mbale yoyezera nyemba n'kudzaima pambali panga.

Munthu uja ananjuta, nandipempha kuti ndikweze nkhope. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "A Lefu, iyi ndi ng'ala. Amayi anga anali chonchi, ankachita kuwatsogolera ndi ndodo. Lero akusankha okha mpunga m'lichero. Mwakhaliranji osapita kuchipatala?"

Ndinamuuza zonse, ngakhale zimene anthu ankanena za iye. "Ndinazimva zimenezo," anatero, "n'chifukwa chake ndinkaopa kufika kwanu. Pakamwa panga panali poipa tsiku lija, koma ine mankhwala sindiwadziwa. Ndipo mwendo uja ndinatcheradi. Ndiloleni ndikutengeni ndekha, anthu aone."

Chikadza anali atakhala woyendetsa lole yonyamula mbatatesi kupita nazo m'tauni. Ankadziwa tsiku limene madokotala a maso amafika pachipatala china cha mishoni, ndipo analonjeza kudzatitenga. Kunyumba nkhani inavuta. Alamu anga anati, "Mukukwera galimoto ya munthu amene anakulodzani? Akukamalizani." A Naphiri, amene sakonda kuyankha akuluakulu, tsiku limenelo anati, "Achimwene, tapemphera nthawi yaitali kuti Mulungu atitumizire munthu. Kodi timafuna atifunse kaye kuti atume ndani?"

Anabweradi m'mawa kukuzizira, anandikweza kutsogolo, nandifunditsa jekete lake. Kuchipatala dokotala anandiunika n'kunena kuti kumbuyo kwa ng'alayo maso ndi amoyo. Nditafunsa za diso la mbuzi, anamwino anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anandifotokozera modekha kuti amangochotsa kamtambo kaja n'kuikapo kagalasi kakang'ono. Anayamba ndi diso lakumanja. Sanandigoneke tulo, ndinkamva akuyankhulana, ndipo ndinkangobwereza Tikuoneni Maria mumtima mpaka anati tamaliza.

M'mawa mwake anamasula bandeji. Poyamba kunali kuwala kobaya, ndinatsinzina. Nditatsegulanso ndinaona zala za anamwino, kenako zenera, kenako mayi wina wovala chitenje chobiriwira atagwira pakamwa. Anali a Naphiri. Anali ataonda, imvi zitatuluka m'mphepete mwa duku, ndipo ndinazindikira kuti mdima wanga unawadya iwonso. Ndinafuula, "Ndikukuonani! Mayi, ndikukuonani!" Wodi yonse inaombera m'manja, ena kululutira. Pakhomo panaima bambo wonenepa, wadazi, chipewa chili m'manja, misozi ili mbwembwembwe. Ndinachita kufunsa kuti ndi ndani, chifukwa Chikadza amene ndinkamudziwa ine anali mnyamata wowonda wa tsitsi lambiri.

Titafika kumudzi anthu anadzaza pabwalo. Ndinkawatchula mayina mmodzimmodzi, wina ndikumuuza kuti malaya wavala mopidikula. Mwana wanga anabwera ndi mdzukulu uja, akuyenda kale, ndipo ndinaona kuti mphuno ndi yanga. Alamu anga anapita okha kukagwira Chikadza dzanja. Patapita nthawi anandichitanso diso lakumanzere, n'kundipatsa magalasi owerengera. Lamulungu loyamba lomwe ndinaimanso kutsogolo ndi buku, ndinayamba kulira, mpingo unayamba nyimbo kuti ndipeze mpata wopukuta misozi.

Ine ndinali nditapempha nkhope ya mdzukulu basi, koma Mulungu akapatsa sayeza ndi kambale. Nyengo ya chikho itayandikira, a komiti anafika kwathu. Ena mwa iwo ankakayika, ndipo sindiwada, popeza munthu amene munamuona akutsogoleredwa n'kovuta kumupatsa mpira. Anandiyesa kaye pa masewero a ndime zoyamba. Ndinayamba kuthamanga m'mawa uliwonse kukwera chitunda cha kwathu kuti mpweya ubwerere. Ataona mmene ndayimbira, wapampando, yemwe bambo ake ndi amene anapita ndi mbuzi yoyamba ija, anati, "A Lefu, womaliza ndi wanu."

Unali pa Mayani, eni bwalo akukumana ndi a ku Linthipe. Anthu anali pamitengo, pamalole, pa zulu, paliponse. Nditalowa m'bwalo khamu linaimirira, azimayi a mumphakati mwathu akuvina ndi zitenje m'manja, a Naphiri ali pakati pawo. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona udzu, mizere ya laimu, maukonde oyera m'magolo achitsulo, mapiri ali ngwee kutali. Ndinachita chizindikiro cha mtanda n'kuliza wezulo.

Mpira unali wa moto. Chigawo choyamba chinatha osagoletsana. Chakumapeto, mnyamata wa ku Linthipe anamenya mpira wamphamvu, unagunda chitsulo chapamwamba, n'kudunda pansi, n'kutuluka. Bwalo lonse linasokonezeka. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona mpira wonse utadutsa mzere, fumbi likudumpha kuseri kwa mzerewo. Wogwira mbendera naye anavomereza. Ndinaloza pakati: chigoli. Pamenepo bambo wina wa ku Mayani anakuwa ndi mawu onse, "Lefu iwe, sukuona!" Bwalo lonse linaphulika ndi phwete, osewera a mbali zonse, ngakhale mwini mawuyo anagwira pamutu. Ine ndinaseka mpaka wezulo kugwa pakamwa. Abale, sindinamvepo chipongwe chokoma ngati chimenecho. Munthu sanyoza wodwala. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndachiradi.

A ku Linthipe anatenga chikho, ndipo a komiti anandipempha kuti ndichipereke ndi manja anga. Anyamata aja atanyamula kapitawo wawo, anabweranso kudzanyamula ine nkhalamba, kundizungulitsa bwalo lonse, a ku Mayani omwe anagonja akuthandiza nawo. Chaka chino ndikuphunzitsa anyamata ndi atsikana angapo kuyimbira, kuti chikho chathu chisadzasowe oweruza ife tikadzatopa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye. Ndikuthokoza a Naphiri, akhristu anzanga a mumphakati, madokotala ndi anamwino aja, komanso m'bale wanga Chikadza, amene mpaka lero salowa tchalitchi koma amadya m'nyumba mwanga. Inu amene muli mumdima wa mtundu uliwonse, musaleke kupemphera, ndipo musathamangire kuloza mnzanu chala. Ngati kwanu kuli munthu amene maso ake achita mtambo, musamudonthezere zamasamba, mugwireni dzanja mupite naye kuchipatala. Limbani mtima, musatuluke m'bwalo nthawi isanakwane, pakuti woliza wezulo womaliza ndi Mulungu yekha. Dzina lake lilemekezeke. Amen.