Mzere Woyamba Ndaufufuta

Abwana manijala, akuluakulu a zigawo, achibale amene mwachokera ku Ulongwe, anzanga nonse a pafakitale ya thonje ino, ndakupatsani moni.

Ndine Hudson wa ku akaunti. Andisankha kuti ndiyankhule chifukwa palibe amene wakangana ndi Mayi Martina Mulipa kuposa ine. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, iwo akuyang'anira chitetezo cha ogwira ntchito, ine ndikuwauza kuti ndalama palibe.

Sabata yawo yoyamba, potiphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka chozimitsira moto, analozetsa paipi kolakwika. Ufa wonse unathera pa suti ya manijala wa nthawi imeneyo. Tinati mayiwa sakhalitsa. Amene sanakhalitse ndi manijalayo.

Nanga za pageti? Mlendo wina wochokera ku likulu, mayiwa anamulanda machesi. Iye amvekere, "Mukundidziwa kuti ndine ndani?" Iwo, "Iyayi bambo, ndipo thonjeli nalonso silikukudziwani."

Sekani, koma imvani izi. Mwezi watha ndinauzidwa kulemba zinthu zoti tichotse kuti tichepetse ndalama zimene timawononga. Pa mzere woyamba ndinalemba kuti a Martina akapuma, tisalembe wina m'malo mwawo. Pepalalo likupita ku bodi Lachinayi.

Ndiye ndinatsegula mafayilo akale kufuna umboni wondiikira kumbuyo. Chaka chomaliza iwo asanabwere, moto unapsereza mabelo a thonje mazana atatu. Lamba wa makina anadula zala za a Sadiki. Tinatseka milungu isanu, alimi a ku Rivirivi n'kukagulitsa thonje lawo kwina. Nditawonkhetsa ndi chipepeso ndi zachipatala, chaka chimodzi chimenecho chinadya ndalama zoposa mamasiki, magambuti, zozimitsira moto ndi malipiro a mayiwa a zaka khumi. A Sadiki ali apo. Zala zawo sindinazipezere mtengo.

Ine si munthu wa misozi, ndimamvera manambala. Manambala akuti ndinalakwa, ndipo manyazi andigwira. Mayi, zikomo kwambiri. Munatiteteza tikukunyinyirikirani.

Abwana, pepala lija ndi ili. Mzere woyamba ndaufufuta, ndasayina pambali pake. A bodi akafunsa kuti wachita zimenezi ndani, muwapatse dzina langa.

Mayi Mulipa, pitani mukapume, mukagone tulo tosamvetsera kulira kwa makina. Ntchito yanu siitha lero.

Anzanga, tiimirire. Tiwaombere m'manja mayiwa!