Njira ya m'tiyi imene Arminda anavulalira

Olemekezeka a Bwanamkubwa a boma lino la Mulanje, olemekezeka mafumu athu eni nthaka ino, a Mkulu wa sukulu Mayi Joice Namathanga pamodzi ndi aphunzitsi onse, akuluakulu a polisi, atsogoleri a mipingo, makolo, eni nyumba amene mumasunga ana athu cha ku Chitakale, ndi inu ophunzira, eni ake a mwambowu, landirani moni wanga nonse.

Ndathokoza pondiitana kudzayatsa magetsi a dzuwa amene mwaika m'njira yochokera pasukulu pano kukafika kumene ophunzira amagona. Ndathokoza ophunzira akale amene anasonkha, ndathokozanso ophunzira a lero amene munakumba maenje a mapolo mvula ili pamsana. Koma mundikhululukire, a Mkulu wa sukulu. Mlendo wolemekezeka amayenera kumwetulira, pamene ine ndabwera mtima ukuwira.

Dzina langa ndine Sungani, ndipo zamagetsi ndinaphunzirira pompano. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi Arminda, mtsikana amene makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzakhazikika ku Chonde. Pa masamu panalibe womuposa m'kalasi mwathu. Nthawi ya mayeso ine malungo anandigoneka, choncho tsiku lina iye anatsalira yekha kuwerenga, chifukwa kuwala kunali kusukulu kokha. Pobwerera, nkhungu ya chiperoni itakuta, amuna awiri anatulukira m'munda wa tiyi. Anamulanda chikwama, ndipo atakuwa anamutema dzanja ndi chikwanje. Ndinangomva pachitseko, "Sungani, tsegula, andivulaza." Anali atakulunga dzanjalo ndi chitenje, magazi ali chuchuchu.

Titachoka kuchipatala tinapita kwa bambo amene ankayang'anira ophunzira masiku amenewo. Arminda sanamupatse mpando. Za bala sanafunse. Anangoti, "Nanga iwe mtsikana, umafuna chiyani kunja nthawi imeneyo?"

Arminda anati, "Ndimawerenga, abwana."

"Nonse mumatero."

Ndikukumvani amayi kumbuyoko. Inde, bambo aja anatero ndithu.

Zala ziwiri sizinagwirenso ntchito, komabe Arminda anali atayamba kale kuphunzira kulemba ndi dzanja linalo. Chinamuchotsa pasukulu si chikwanje ayi. Mawu aja anafalikira, anthu anayamba kumuloza ngati woyendayenda, mpaka bambo ake anabwera pa njinga kudzamutenga. Lero ali ndi banja, amagulitsa zinanazi pa Chonde. Nditamupempha kuti nkhaniyi ndidzainene pano, anati, "Ukanene, ndipo dzina langa usakabise. Sindinabe kanthu ine."

Olemekezeka, njira ndi yomwe ija, tchire ndi lomwe lija, ndipo zaka zonsezi ana akhala akudutsamo mtima uli m'mwamba. Pamafunika chiyani kuti tiike nyale? Pamafunika ana angati ovulala? Timawauza kuti alimbikire sukulu, akalimbikira mpaka mdima timawafunsa kuti amafuna chiyani kunja. Chinyengo chimenechi chithe lero.

Eni nyumba, musayang'ane pansi, ndikulankhula ndi inu. Chitseko chotsekera ndi msomali wopinda si chitseko. Mwana wa mnzanu akugona m'chipinda chimene inuyo simungalole kusungamo njinga yanu. Gulani maloko, konzani mipanda, dulani tchire kuseri kwa zimbudzi.

Apolisi, mtsikana akabwera kudzadandaula, funso loyamba likhale la wachifwamba, osati la siketi imene anavala. Aphunzitsi, mukachedwetsa kalasi, dziwani kuti mwatuma ana mumdima, choncho onetsetsani kuti atuluka limodzi.

Tsopano inu ophunzira. Nyale si mlonda, ilibe manja. Muziyenda m'magulu, ndipo mnzanu akatsalira m'kalasi, mudikireni ngakhale njala ikuluma. Muuzeni mnzanu wa m'chipinda kumene muli ndi nthawi imene mufike. Wakabaza akhale wodziwika dzina ndi nkhope, osati aliyense woimirira pamdima. Zomvera nyimbo chotsani m'makutu, foni ikhale m'thumba, ndipo njira yachidule ya m'tiyi yopanda nyale muisiye ngakhale mvula ikugwa. Wina akakulandani chikwama, mupatseni. Chikwama chimagulidwa pa Chitakale, dzanja silimagulidwa. Mukamva mnzanu akukuwa, musazimitse nyale n'kufunda bulangete. Tulukani ambiri, menyani zidebe, dzutsani mudzi wonse. Anyamata, nanunso amakutemani, musadzione ngati zitsulo. Ndipo amene mumaimba malikhweru mtsikana akamadutsa yekha usiku, dziwani kuti mantha amene mumamupatsa ndi omwewo amene amamupatsa wachikwanje.

Mafumu athu, ndimalizira kwa inu mwaulemu wonse. Pa polo iliyonse pali batire, ndipo ndikudziwa kuti alipo kale amene akuliyang'ana ndi diso la malonda. Wakuba batire sadzachokera ku Blantyre. Adzakhala mwana wa m'mudzi muno, wodziwika mayi ake. Tsiku limenelo musadzamubise, pakuti wozimitsa nyale imodzi wapereka mwana wa wina kwa achifwamba.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti magetsi a njira ya ophunzira atsegulidwa tsopano. Ayake lero, ayake mawa, ndipo likadzathima babu limodzi, musadzadikire mlendo wolemekezeka.

Zikomo kwambiri.